Kuzindikira Phula Lokalamba Pamsewu ndi Kulisamalira Maenje Asanabadwe

Dzenje la pamsewu wa phula limaoneka ngati labadwa usiku umodzi mvula itagwa, koma kawirikawiri gwero lake limakhala la zaka zingapo zapitazo, pamene phula lomata miyala linayamba kuuma ndi kutaya kufewa kwake. Phula ndi gawo laling'ono chabe la zomwe matayala amaponda. Pa makilogalamu 100 a asphalt, womwe ndi msakanizo wa miyala yophwanya, mchenga, fumbi la miyala ndi phula, phula lenilenilo limakhala makilogalamu 5 kapena kuposerapo pang'ono, komabe ndi lomwe limagwira zonsezo pamodzi, limatchinga madzi, ndiponso limalola msewu kupindika pang'ono lole yolemera ikamadutsa kenako n'kubwerera m'malo mwake osasweka. Malangizo awa alembedwera akapitawo a ntchito za misewu, mainjiniya a m'makhonsolo, ogwira ntchito m'malabotale ndi ophunzira za zomangamanga, kuti adziwe chimene chimakalambitsa phula, mmene angachichepetsere pomanga, mmene angachionere pamsewu, ndi nthawi yoyenera kuchitapo kanthu.

Zomwe zimachitika mkati mwa phula

Phula la misewu ndi zotsalira za mafuta okumbidwa pansi pa nthaka, petulo, palafini, dizilo ndi mafuta ena opepuka akachotsedwamo. Akatswiri amaligawa m'magulu anayi: saturates, aromatics, resins ndi asphaltenes. Magulu atatu oyambawo, amene onse pamodzi amatchedwa maltenes, ndi amene amapatsa phula kufewa ndi kumata, pamene asphaltenes ndi tinthu takuda ndi touma timene timalipatsa thupi ndi kulimba. Phula labwino ndi lomwe tinthu toumati tamwazikana bwino m'mafuta ofewawo.

Mdani wamkulu ndi mpweya wa okosijeni. Ukalowa m'phula umalumikizana ndi kaboni komanso salfa zomwe zili mmenemo, ndipo pang'ono ndi pang'ono aromatics amasanduka resins, ma resins nawo amasanduka asphaltenes. Mafuta ofewetsa amachepa, tinthu touma timachuluka ndi kumatana, ndipo phula limauma. Aliyense amene anamangirapo katundu panjinga ndi mphira wa chubu akudziwa mmene mphirawo umakhalira ukakhalitsa padzuwa: umachita timing'alu ndipo ukaukoka umaduka m'malo motanuka. Kusintha kobwera ndi okosijeni sikubwerera m'mbuyo, ngakhale mutalitenthetsanso phulalo.

Pali njira zina zing'onozing'ono zomwe zimaumitsa phula. Mafuta opepuka amauluka likatentha kwambiri, miyala yokhala ndi timabowo tambiri imamwa ena mwa mafuta ake, ndipo phula longokhala nthawi yaitali osatenthetsedwa limalimba lokha chifukwa tinthu take timasanjikizana, ngakhale kulimba kumeneku kumatha likatenthetsedwa. Zonsezi n'zenizeni, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku maso anu akhale pa zinthu zitatu zomwe zimafulumizitsa ntchito ya okosijeni: kutentha, kupyapyala kwa phula lokuta mwala uliwonse, ndi kuchuluka kwa timipata ta mpweya mkati mwa msewu.

Tetezani phula lisanafike pamsewu

Anthu ambiri sadziwa kuti phula limakalamba kwambiri m'maola ochepa a tsiku lomangira msewu kuposa m'miyezi yambiri yotsatira. Pa makina osakanizira, phula limathiridwa pa miyala yotentha madigiri pakati pa 150 ndi 170, ndipo limayala pa miyalayo mopyapyala zedi, pafupifupi mamilimita 0.01, mpweya wotentha ukulizungulira mbali zonse. Mainjiniya amayendera mfundo yakuti kutentha kukapitirira madigiri 100, liwiro la kukalamba limawirikiza kawiri pa madigiri 10 aliwonse owonjezera. Choncho woyendetsa makina amene wakweza moto ndi madigiri 20 pofuna kuti katundu akafike kutali akadali wotentha, wawirikiza kukalambako kanayi, ndipo msewu wake udzaoneka wokongola tsiku lotsegulira koma zaka zake zina zidzakhala zitadyedwa kale.

Yambani ndi phula lomwe mwalandira. Malawi alibe fakitale yoyengera mafuta, motero phula lonse limachokera kunja, m'migolo kapena m'mathanki, ndipo limayenda mtunda wautali lisanafike pamalo a ntchito. Musadalire chikalata cha wogulitsa chokha. Tengani sampulo pa katundu aliyense wobwera ndipo muitumize ku labotale musanayambe kuligwiritsa ntchito. Likakhala m'thanki, musalisunge pa kutentha kosakanizira masiku ambiri ngati ntchito yaima, koma tsitsani moto ndipo mudzaukwezenso ntchito ikayandikira. Paipi yobwezera phula m'thanki izithera pansi pa phulalo, chifukwa likamagwa kuchokera pamwamba limameza mpweya ulendo uliwonse.

Pa ntchito zing'onozing'ono zomata maenje pamakhala chizolowezi choika mgolo wa phula pamoto wa nkhuni. Njira imeneyi ndi yotchipa, koma ndi yowononga kwambiri, pakuti phula la pansi pa mgolo limapsa pamene la pamwamba lisanasungunuke, ndipo palibe amene amadziwa kutentha kwake. Ngati mulibe chotenthetsera chenicheni, khalani ndi choyezera kutentha, sonkhezerani moto pang'onopang'ono, takasani, ndipo musatenthetse mgolo umodzimodziwo mobwerezabwereza. Utsi wabuluu ukayamba kutuluka, dziwani kuti mafuta ofewetsa akuthawa. Samalaninso kuti madzi asalowe mu mgolo wotentha, chifukwa phula limafufuma nthawi yomweyo ndipo limatha kuwotcha anthu.

Malole onyamula asphalt afunditsidwe lona, ndipo asaime nthawi yaitali kudikira makina oyalira. Kenako pamabwera ntchito yomwe, m'kuona kwanga, ndi yomwe imagamula zaka za msewu kuposa ina iliyonse: kutsendera. Asphalt wotsenderedwa bwino amakonzedwa kuti, magalimoto akaupondaponda, atsale ndi timipata ta mpweya pakati pa 3 ndi 5 peresenti. Timipatati tikapitirira 8 peresenti timayamba kulumikizana, ndipo mpweya ndi madzi zimapeza njira yolowera mpaka mkati, kotero kuti phula limakalamba m'gawo lonse osati pamwamba pokha. Rola, makina otsendera msewu, izitsatira makina oyalira pafupi ndipo imalize ntchito yaikulu asphalt asanazizire kufika madigiri 80 kapena 90, chifukwa pambuyo pake mumangophwanya miyala osatseka mipata. Onetsetsani makamaka pa msoko umene mizere iwiri ya asphalt imakumana pakati pa msewu, pakuti pamenepo ndi pomwe rola imalephera kawirikawiri ndipo ndi pomwe mng'alu woyamba umaonekera. Musalolenso kuchepetsa phula mumsakanizo pofuna kupulumutsa ndalama. Phula lochepa limakuta miyala mopyapyala, ndipo lopyapyala limauma msanga.

Dzuwa ndi madzi

Msewu ukatsegulidwa, kukalamba kumapitirira koma pang'onopang'ono, ndipo liwiro lake limadalira nyengo ya deralo. Phula lakuda limamwa kutentha, moti masana a mwezi wa Okutobala pamwamba pa msewu pamatha kupitirira madigiri 60 ngakhale mpweya uli pa madigiri 35. N'chifukwa chake msewu wa m'chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kapena wa m'mphepete mwa nyanja, suyenera kuwerengeredwa zaka zofanana ndi wa kumapiri a Dedza, ngakhale yonse itamangidwa ndi phula la mtundu umodzi. Kuwala kwa dzuwa kwa ultraviolet nako kumawononga, koma sikulowa patali. Kumangoumitsa kakhungu ka pamwamba, kamene mvula ndi matayala zimakokolola n'kusiya phula lina poyera.

Kafukufuku wa bungwe lofufuza za misewu la TRL la ku Britain pa misewu ya m'maiko otentha, kuphatikizapo Kenya, anaonetsa kuti phula la m'mamilimita ochepa a pamwamba limauma kwambiri kuposa la pansi pake, ndiponso kuti ming'alu yambiri imayambira pamwambapo n'kumatsikira pansi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa aliyense wogawa ndalama za misewu, chifukwa ikutanthauza kuti kwa zaka zingapo matenda amakhala pakhungu pokha pamene thupi la msewu lili bwinobwino, ndipo mankhwala ake pa nthawi imeneyo amakhala otsika mtengo.

Madzi amagwira ntchito yawo mwa njira ina. Miyala yambiri, makamaka yokhala ndi silica wochuluka monga granite ndi quartzite, imakonda madzi kuposa phula, choncho madzi akalowa pa mng'alu amalowerera pakati pa mwala ndi phula n'kulisenda. Tayala likadutsa limapopa madziwo mkati ndi mphamvu, ndipo phula lokalamba, lomwe silimatanso bwino, limagonja msanga. Madzi akafika pa dothi ndi miyala ya pansi, maziko amafewa, ndipo apo m'pamene dzenje limabadwira. Laimu wa mtundu wa hydrated lime, wothiridwa pa mlingo wa 1 mpaka 2 peresenti ya kulemera kwa miyala, amathandiza phula kumata ndiponso amachedwetsa kuuma kwake.

Kuyendera msewu

Msewu uyendereni wapansi, osati m'galimoto, ndipo nthawi yabwino ndi mvula ikangotha, cha mu Epulo kapena Meyi, kuti mukhale ndi miyezi yokwanira yokonzera mvula ina isanayambe mu Novembala. M'mawa msewu ukamauma pambuyo pa mame kapena mvula yowaza, timing'alu tating'ono timaoneka bwino chifukwa timatsala tonyowa pamene pena ponse pauma.

Chizindikiro choyamba ndi mtundu. Phula lathanzi ndi lakuda, lokalamba limatuwa. Kutuwa pakokha si matenda, koma ndi chenjezo lakuti muyang'anitsitse. Pukutani pamwamba ndi nsapato kapena burashi yolimba: ngati mchenga ndi timiyala zikuchoka mosavuta, kapena mukuona timiyala tatayana m'mphepete mwa msewu, phula lasiya kugwira. Pa msewu wa chip seal, womwe ndi phula lopopera lothiridwa miyala pamwamba ndipo ndi wofala m'misewu yathu yambiri, zulani mwala umodzi ndi sikuludiraiva masana kukutentha. Ngati phula la pansi pake ndi lakuda, lonyezimira ndi lonanda, likadali ndi moyo. Ngati ndi lotuwa ndipo likuthetheka ngati khala, lakalamba.

Kenako werengani ming'alu, chifukwa si mng'alu uliwonse umene umabwera ndi ukalamba, ndipo kusokoneza mitundu yake kumawonongetsa ndalama zambiri. Ming'alu ya ukalamba imapanga mabokosi akuluakulu ndipo imapezeka paliponse, ngakhale pamene matayala sadutsa, chifukwa imabwera ndi kufutukuka kwa masana ndi kukhwinyata kwa usiku kumene phula louma silingathenso kupirira. N'chifukwa chake misewu ya magalimoto ochepa ndi mabwalo oimikapo magalimoto nazo zimang'aluka. Ming'alu yothithikana imene amaitchula kuti ya khungu la ng'ona, ikakhala m'njira za matayala ndipo msewu watitimira pamenepo, imasonyeza kuti maziko afooka kapena katundu wapyola muyezo, ndipo kupopera phula pamwamba sikungathandize. Mukaona fumbi loyera kapena matope akutuluka m'ming'alu mvula itagwa, madzi afika kale pansi. Lembani zonsezi pa mtunda uliwonse wa mamita 100, jambulani zithunzi, ndipo musaiwale kuyang'ana ngalande ndi makalavati, pakuti madzi oima m'mphepete mwa msewu amalowa cham'mbali ngakhale pamwamba patatsekedwa bwino.

Kuyeza ku labotale

Maso amakuuzani kuti vuto lilipo, koma kukula kwake amakuuzani ndi labotale. Boolani msewu ndi makina odulira masampulo obulungira a mamilimita 100 kapena 150, ena m'njira za matayala ndi ena pakati pake. Musanasungunule sampulo, dulani padera gawo la pamwamba la mamilimita pafupifupi 10, chifukwa mukasakaniza sampulo yonse phula lofewa la pansi lidzabisa kuuma kwa pamwamba ndipo zotsatira zidzakunamizani. Phula limalekanitsidwa ndi miyala pogwiritsa ntchito mankhwala osungunulira, kenako mankhwalawo amachotsedwa onse, pakuti otsalira ochepa chabe amafewetsa phula n'kulionetsa ngati latsopano.

Muyezo wodziwika kwambiri ndi wa penetration. Singano yolemera magalamu 100 imasiyidwa kuti ilowe m'phula kwa masekondi 5 pa madigiri 25, ndipo kuzama kwake kumawerengedwa m'magawo khumi a milimita. Phula lotchedwa 60/70 ndi lomwe singano imalowa mamilimita pakati pa 6 ndi 7, pamene la 80/100 ndi lofewerapo. Phula lochotsedwa mumsewu likamaonetsa nambala yoposa 30 nthawi zambiri likadali lotha kupindika, koma likatsika kufika pa 20 kapena pansi pake, ming'alu imakhala yayandikira kapena yayamba kale. Mnzake wa muyezo umenewu ndi softening point: kampira kachitsulo ka magalamu 3.5 kamaikidwa pa phula lomwe lili mu kamphete, madzi amatenthetsedwa madigiri 5 pa mphindi iliyonse, ndipo mumalemba kutentha kumene kampirako kamira mamilimita 25. Phula likamakalamba nambala ya penetration imatsika pamene ya softening point imakwera. Manambalawa amathandiza kwambiri mukawayerekeza ndi a phula lomwelo lisanagwiritsidwe ntchito, ndiye chifukwa chake zolemba za nthawi yomanga ziyenera kusungidwa.

Pofuna kudziwa mmene phula latsopano lidzakalambire, labotale imalikalambitsa dala. Mu uvuni wa RTFO, womwe unayambira ku California, magalamu 35 a phula amaikidwa m'botolo lililonse lagalasi, mabotolowo amazungulira pa madigiri 163 kwa mphindi 85 mpweya ukupemereredwamo, ndipo izi zimatsanzira zomwe zimachitika posakaniza ndi poyala. Njira yakale ya TFOT imagwiritsa ntchito mbale pa kutentha komweko kwa maola 5. Phula labwino siliyenera kutaya kulemera kopitirira 1 peresenti, ndipo liyenera kusunga pafupifupi theka la penetration yake kapena kuposerapo, malinga ndi mtundu wake. Kukalamba kwa zaka zambiri kumatsanziridwa ndi PAV, chotengera chotsekedwa chomwe phula lotuluka mu RTFO limakhalamo maola 20 pa mphamvu ya mpweya wopanikizidwa ya 2.1 MPa (MPa ndi muyezo wa kupanikizika) ndi kutentha kwa madigiri 90, 100 kapena 110. Njira imeneyi inatuluka mu kafukufuku wa SHRP wa ku United States, wa zaka za 1987 mpaka 1993, amene anabala ndondomeko yosankhira phula ndi kukonzera asphalt yotchedwa Superpave, ndipo amati imafanana ndi zaka 5 mpaka 10 za pamsewu. Zaka zimenezi musazitenge ngati lonjezo. PAV ilibe dzuwa, ilibe mvula, ndipo inakonzedwa poganizira nyengo yozizirapo kuposa ya madera athu otentha. Ofufuza ena masiku ano amawonjezera nthawi kufika maola 40 chifukwa anaona kuti maola 20 sakwanira kufanizira phula la pamwamba penipeni.

Kumene kuli zipangizo, makina a DSR ndi BBR amayeza kulimba ndi kutanuka kwa phula pa kutentha kosiyanasiyana, ndipo a FTIR amaonetsa mwachindunji kuchuluka kwa carbonyl ndi sulfoxide, zomwe ndi mapazi a okosijeni. Kumene kulibe, penetration ndi softening point zoyezedwa mosamala n'zokwanira kupangira chiganizo. Za kusendeka ndi madzi, njira yapafupi ndi kuwiritsa asphalt wosatsendera m'madzi kwa mphindi 10 n'kuona kuchuluka kwa miyala yomwe yavuka phula.

Kusankha chochita

Ngati msewu wangotuwa ndipo ukutaya mchenga pang'ono koma ulibe ming'alu yaikulu, fog spray ndi yokwanira. Imeneyi ndi emulsion, ndiye kuti phula losakanizidwa ndi madzi, yosungunulidwanso ndi madzi ena ofanana nayo muyezo n'kupoperedwa pa mlingo wa pakati pa theka la lita ndi lita imodzi pa sikweya mita. Sesani msewu poyamba, yesani pa kachigawo kakang'ono kuti muone ngati msewu ukumwa, ndipo musalole magalimoto kudutsa mpaka mtundu usinthe kuchoka pa wofiirira kufika pa wakuda. Pa msewu wosalala ndi wothithikana njira imeneyi imatha kuchititsa kuti pamwamba paziterera, motero pamafunika kuwaza mchenga ndi kuchepetsa liwiro la magalimoto masiku oyamba. Palinso mankhwala otchedwa rejuvenator, omwe amabwezera mafuta ofewetsa m'phula louma. Sachotsa okosijeni yemwe walowa kale, koma amafewetsa mamilimita ochepa a pamwamba, omwe ndi amene akudwala.

Ming'alu yoposa mamilimita 3 m'lifupi itsekedwe umodziumodzi, mutaipemerera kuti fumbi lichoke ndipo ili youma. Timing'alu tikachuluka koma maziko ali olimba, ikani chovala chatsopano: slurry seal (msakanizo wa emulsion ndi timiyala ting'onoting'ono woyalidwa mopyapyala) m'misewu ya m'tauni ya magalimoto opepuka, kapena chip seal yatsopano m'misewu ikuluikulu. Misewu ya chip seal imafuna kukutidwanso pakapita zaka pafupifupi 7 mpaka 10, ndipo kumalo otentha kwambiri ndi bwino kuyembekezera nambala yaing'onoyo. Ofufuza a TRL analangizanso kuti m'maiko otentha asphalt watsopano akutidwe ndi chip seal msanga, kuti phula lokhuthala la pamwambalo lilandire dzuwa ndi mpweya m'malo mwa asphalt. Ntchito yopopera imafuna msewu wouma ndi wofunda, choncho pewani m'mawa wa Juni ndi Julayi kumalo okwera, makamaka masiku a chiperoni, pamene phula limazizira lisanagwire miyala.

Pamene ming'alu yadutsa gawo lonse la asphalt ndipo labotale yaonetsa kuti phula lauma mpaka pansi, kukuta pamwamba n'kutaya ndalama, chifukwa ming'alu yakaleyo idzatulukiranso pa chovala chatsopano. Apa gawo lokalambalo lipalidwe ndi makina n'kuyala lina. Zopalidwazo musazitaye, popeza miyala yake ikadali yabwino ndipo phula lake, ngakhale louma, limagwirabe ntchito likasakanizidwa ndi phula latsopano lofewerapo kapena ndi rejuvenator. Yezani kaye kuuma kwa phula lakalelo kuti mudziwe mlingo woti muthiremo, ndipo muzisunge pamalo okwera ndi ofunditsidwa kuti zisamwe madzi, chifukwa zonyowa zimakakamiza woyendetsa makina kukweza moto, ndipo motowo umakalambitsa phula latsopano lomwe mwangogula.